Timatumba ta Keziya

"Zinthu zimenezi sizigonanso m'nyumba muno," anatero a Fulansisi, akuloza ndi phazi katoni imene inali kunsi kwa tebulo. "Mukundimva, aNabanda? Lero lomwe zituluke."

A Lonia, akazi awo, anapitiriza kusoka thumba limene makoswe anaboola. Anakoka ulusi, n'kuudula ndi mano.

"Zituluke zipite kuti, aPhiri? Zili ndi kwawo?"

"Kwawo n'kumene zinatapidwa. Aliyense abwezeredwe zake, nkhani ithe. Dzulo ndalowa m'tchalitchi, akulu a mpingo anzanga kumandiyang'ana ngati ndaponda zonunkha. Moni wake wa nsonga za zala. Ndakula ine, sindinganyozeke chifukwa cha timatumba ta mwana."

"Atate, si zoseweretsa zimenezo," anatero Keziya, mwana wawo, ali chiimire pakhomo. "Sukulu yanga yonse ili mmenemo. Ndikabwerera ku Lusaka chimanjamanja, andichotsa m'gulu la onazi."

"Akuchotse! Anzako amene sali mmenemo sakuphunzira? Digiri yake si yomweyo?"

"Lero mukutero," anatero a Lonia osadzutsa mutu. "Chaka chatha ndani ankaimitsa anthu panjira, ngakhale opita kumaliro, kuwauza kuti mwana wanga am'sankha? Wa ngolo uja wa ku Zingalume munam'chedwetsa mpaka ng'ombe zake zinagona pamsewu."

A Fulansisi anatola chipewa n'kutuluka. Anali otero bambowa, mawu akawathera ankakumbukira kuti mbuzi sizinamwe madzi.

M'katonimo munalibe chodabwitsa. Munali timatumba tapulasitiki, tina ta nsawa zodzaza dzanja limodzi, tina ta dothi. Keziya ankaphunzira zaulimi ku yunivesite ku Lusaka. Mwa ophunzira onse a m'chaka chake anasankhamo ochepa chabe, oti n'kukwana m'ngolo imodzi, n'kuwaika m'gulu limene eni ake amalitcha onazi. Aliyense anapatsidwa mphunzitsi womuyang'anira payekha, ndi nkhani yoti afufuze yekha. Womaliza bwino njira ya maphunziro apamwamba inkamutsegukira. Wolephera kubweretsa zofufuza zake pa nthawi yake ankam'bweza kwa anzake wamba, malo ake n'kupatsa wina. M'dera lonse la Pembamoyo a Lonia anali asanamvepo za mwana wamkazi amene anafika pamenepo.

Nkhani imene Keziya anasankha inali ya chuku, nkhungu ija imene imagwira nsawa n'kuzisandutsa zowawa. Anabwera pa tchuthi anthu atangokolola, n'kumayenda khomo ndi khomo. Ankagwada bwinobwino n'kupempha, eni ake n'kumam'tapira akuseka. "Tenga, mwanawe, kodi ku Lusaka nsawa kulibe?" Akachoka apo ankapita kumunda kwa mwini nsawazo, n'kukatapa dothi pakati pa munda ndi m'ngodya zake. Zonsezi ankachita dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

Koma kodi aphunzitsi a ku Lusakawo amaphunzitsa chiyani ana athu? Anam'langiza za kuvala magolovesi ndi za kumanga timatumba kuti chinyezi chisalowe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anam'tsina khutu kuti kwathu kuno munthu wotapa dothi m'munda wa mnzake, n'kutapanso mbewu m'nkhokwe ya mnzake, ali ndi dzina lake. Ndi mmene amachitira wa mfumba, mankhwala aja amene amati amakoka zokolola za ena kuti zidzaze nkhokwe yako. A Lonia anabadwira m'mudzi momwemo ndipo zimenezi ankazidziwa. Anangoti poti mwanayo ndi wa sukulu, anthu amvetsa. Apa ndiye anadzinamiza.

Anthu anamvetsadi, mpaka tsiku limene ogula anafika ndi sikelo yawo. Nsawa zonse zimene a Lonia anatulutsa zinakwera galimoto, nkhokwe n'kutsalabe yodzaza. Za Zangaphee, mng'ono wawo wa bere limodzi, wogula anangoluma ziwiri zitatu, kulavula, n'kukankha thumba ndi phazi. Zinali zakuda mkati. Makomo enanso angapo zinatero. Anthu akadali kung'ung'udza, Miracle, mwana womaliza wa Zangaphee, wongoyamba kumene kuyenda, anayamba kusanza, maso ali chikasu.

Tsiku lotsatira mkangano uja, Zangaphee anafika pakhomo mwana ali kumsana. Sanaodire. Mpando umene Keziya anam'tulutsira sanauyang'ane n'komwe.

"Achemwali, ndabwera kudzatenga nsawa zanga ndi dothi langa."

"Khala pansi, amake Miracle, tikambirane," anatero a Lonia. "Mwana wagona bwanji? Kuchipatala anati chiyani?"

"Mukufunsa ine? Funsani mwana wanuyo. Si iyeyu anaima pakhomo panga n'kunena kuti mwanayu adzadwala? Wadwala tsopano. Mitima yanu yakhala pansi?"

"Amayi aang'ono, ine ndinkangokuchenjezani," anatero Keziya. "Ndinakupezani mukuwaza madzi nsawa kuti makoko afewe poswa, kenako n'kuziika m'thumba zisanaume. Chuku chimayamba choncho. Ndiye zooneka bwino mumapatula zogulitsa, zofota ndi zakudazo n'kusinja nsinjiro za phala la mwana. Chonde, musiye kum'patsa."

"Tamumvani! Ine ndinayamba kuwaza madzi nsawa iwe usanabadwe. Mudzi wonsewu timawaza. Mvula yake ndi imodzi, mbewu tinagula pamodzi, minda yathu yagundana malire. Nanga bwanji chaka chimene watapa dothi iwe ndi chimene zanga zaola, za amako n'kusefukira?"

A Lonia anafuna kunena kuti chaka chino iwo sanawaze, Keziya atawaletsa pa foni, ndipo anaswa zouma mpaka zala zinatuluka matuza. Koma anthu anali atayamba kale kuima kuseri kwa mpanda, ndipo mawu otere akanangomveka ngati kunyada. Chinawapweteka koposa n'chakuti Zangaphee sankanama dala. Ankakhulupiriradi zimene ankanenazo, ndipo misozi inkangoyenderera.

"Ndinakubereka kumsana ine, Zanga," anatero a Lonia motsitsa mawu. "Lero ndingakudyere mwana?"

"Ngati simungatero, bwezani," anayankha Zangaphee, n'kutembenuka.

Masana amenewo Keziya anakwera chulu chachikulu cha kuseri kwa mudzi, malo okhawo amene foni inkagwira, n'kuimbira mphunzitsi wake. Anabwerako nkhope itagwa.

"Akuti chiyani aphunzitsi?" anafunsa a Lonia.

"Aseka, amama. Akuti ndi nkhani yosangalatsa, ndidzailembe kumapeto kwa lipoti langa. Koma timatumba tifike mwezi uno usanathe, chifukwa ku labu, koyezera zinthuzi, andisungira kale malo. Akuti ndikalephera pali wina amene akudikira."

"Aseka?"

"Sakudziwa za kuno, amama."

"Nanga sungakatape kwina? Ku Zemba kwa atate ako?"

"Mbiri yafika kale kumeneko. Angandipatse ndani? Ndiponso anthu ambiri agulitsa. Ndikati ndidikire chaka chamawa ndiye kuti ndatuluka kale."

Sabata imeneyo inali yaitali. Kumjigo amayi ankati akaona a Lonia akubwera, nkhani n'kuzima, aliyense n'kumavundikira ndowa yake ndi chitenje. Mayi wina amene anabwereka lichero lawo anatuma mwana kuti akaliponye pamwamba pa mpanda. Miracle anam'tengera kuchipatala n'kubwera naye, koma phala la nsinjiro sanam'siyitse. Akanam'siyitsa bwanji? Kutero kukanakhala kuvomera kuti mwanayo wam'dwalitsa ndi amake.

Kenako kunabwera a Zakeyu, mlongo wawo wa a Lonia ndi Zangaphee, mwini mbumba. Anali munthu wofatsa, wansangala, amene chibadwire sanakanganepo ndi munthu, chifukwa nthawi zonse ankayamba waona kumene kuli anthu ambiri n'kukaima komweko. Anakhala pakhonde, n'kuyamikira kaye nkhuku za a Lonia kuti zanenepa.

"Mlongo wanga, ine sindikuti ndiwe mfiti," anayamba motero. "Ndingatero ine? Tinayamwa bere limodzi. Koma anthu apsa mtima. Anyamata akukamba zokatenga sing'anga kutsidya kwa malire kuti adzasese mudzi. Ine ndawagwira kaye. Loweruka tikumane pakhomo panga, abale okhaokha. Keziya abweretse katoniyo. Dothi libwerere m'minda mwake, nsawazo titenthe anthu akuona. Basi, iwe ukhala pamudzi pako mwamtendere."

"Nanga sukulu ya mwana, alongo?"

"Sukulu akupitiriza. Alamu andiuza kuti digiri alandirabe. Chongochoka ndi kagulu kameneko. Mwana wamkazi, pamene wafikapa pakwana. Zikachulukitsa ndi zimene zikutibweretsera izi."

"Tikakana?"

A Zakeyu anaseka pang'ono, akusisita bondo.

"Wokana kubweza ndiye kuti akudziwapo kanthu. Zikafika pamenepo, ine manja anga ndi aafupi."

Atachoka, Keziya anatuluka m'nyumba maso atatupa. Anali atamva zonse. Anatsatira amayi ake kudimba, n'kumathirira nawo mpiru, mpaka anatula keni pansi.

"Amama, tibweze. Sindingalole kuti muzunzike chifukwa cha ine. Atate akunena zoona, digiri ndilandirabe."

A Lonia anawongola msana n'kumuyang'ana. Anaona mwana amene ankawerenga pa kuwala kwa tochi mpaka maso kufiira, amene ankayenda wapansi kupita kusukulu mvula ikugwa, mabuku atawakulunga m'thumba la feteleza. Chisoni chinawagwira, koma mkwiyo unaposa.

"Ukuganiza kuti akatentha ndiye aiwala? Adzati tabweza chifukwa tagwidwa. Chaka chamawa nkhuku ya munthu ikadzafa adzabweranso pakhomo pathu. Dzina andipatsa kale, mwanangu. Chimene sanatengebe ndi sukulu yakoyo."

"Nanga ndikapita, inu atani nanu?"

Apa a Lonia ananama, ndipo ananama mosaphethira.

"Amalume ako pochoka paja anandinong'oneza. Akuti zimene ananena pakhonde zinali za makutu a anthu. Ukangochoka iwe ndi katoni yako, anthu asowa choloza, mitima izizira. Iwowo ndi amene adziwe zowauza."

"Zoona, amama?"

"Ndinayamba ndakunamizapo ine?"

Lachisanu m'mawa, a Fulansisi atapita kumsonkhano wa akulu a mpingo, a Lonia anakhuthulira timatumba tonse m'thumba lalikulu, pamwamba n'kuikapo mbatata. Anasenza okha, Keziya akutsatira ndi chikwama, kudzera njira ya kumadimba kuti asadutse pakati pa mudzi. Kumsewu anaimitsa njinga yamoto yopita ku boma ku Chadiza, kumene mwanayo akanakwera basi ya ku Chipata. Anamangirira thumbalo okha, n'kuyesa chingwe kawiri.

"Mukawauze amayi aang'ono za phala lija," anatero Keziya atakwera kale. "Inu mwina akumverani."

"Pita, basi ingakusiye."

Msonkhano wa abale okhaokha uja unapezeka kuti ndi wa mudzi wonse. Pakhomo pa a Zakeyu panadzaza, ana mpaka anakwera mumtengo wa mango. A Lonia anafika okha, atamanga chitenje zolimba, n'kukhala pansi miyendo atatambasula. A Fulansisi anali pakati pa amuna, akuyang'ana nsapato zawo.

"Katoni ili kuti, mlongo wanga?" anafunsa a Zakeyu, akumwetulirabe.

"Katoni ili kunyumba, mukaifuna katengeni. Zam'kati zapita kusukulu pamodzi ndi mwini wake."

Panabuka phokoso. Zangaphee anagwa pansi n'kuyamba kulira, akuitana dzina la mwana wake ngati wamwalira kale. A Zakeyu anakweza dzanja, kumwetulira kuja kutatha.

"Wam'thawitsa ndani?"

"Ine. Mwana anafuna kubweza, ndam'kaniza ndine. Anapempha pakhomo lililonse, munam'patsa ndi manja anu, mukuseka. Sanabe kanthu. Amene ali ndi mlandu ndi timatumba timeneto alankhule ndi ine."

"Mwamva nokha!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo. "Avomera!"

"Alamu," a Zakeyu anatembenukira kwa a Fulansisi, "inu munadziwa zimenezi?"

A Fulansisi anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. A Lonia anawayang'ana. Munthu ameneyu anakumba nawo nsawazo mzere ndi mzere, anaziyanika nawo, ndipo ndi iye ankadandaula madzulo alionse kuti zala zikuwawa chifukwa cha kuswa zouma. Mawu amodzi okha akanakwana.

"Ine pano ndine mkamwini chabe," anatero a Fulansisi. "Za m'kati mwa mbumba yanu sindingazidziwe. Ndinawauza kuti zinthuzo zituluke, sanandimvere. Ndiponso, kunena zoona pamaso pa Mulungu, nkhokwe imene ija inenso yakhala ikundidabwitsa."

Palibe amene anawamenya a Lonia, ndipo mpaka lero a Zakeyu amanyadira zimenezo. Anyamata anangothamangira kunyumba kwawo, n'kugwetsa nkhokwe, n'kuyatsa. Nsawa zimayaka ngati parafini. Utsi wake unanunkhira mudzi wonse, ana n'kumatola zokazingika m'mbali mwa moto, amayi awo n'kumawamenya m'manja kuti ataye. A Lonia anaonerera ali chiimire, manja atapinda pachifuwa. Misozi inakana kutuluka.

Madzulo a Zakeyu anabwera kudzawapempha, mwaulemu wake wonse, kuti akayambe akhala m'kanyumba ka kudimba mpaka mitima ya anthu itazizira. Akulu a mpingo anatumiza mawu akuti ayambe aima kaye pa mgonero nkhani ikufufuzidwa. A Fulansisi anakumbukira kuti ku Zemba kuli mbale wawo wodwala. Anatenga njinga, bulangete ndi jekete la kutchalitchi, ndipo wodwalayo akuoneka kuti sanachirebe.

Kudimba masiku ankafanana. A Lonia ankathirira mpiru umene panalibe woti augule, n'kumamwa madzi a pachitsime cha ng'ombe. Kamodzi anapita mpaka kuseri kwa nyumba ya Zangaphee n'kuitana chapansipansi, kuti anene za phala lija. Zangaphee anangonyamula mwana n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina anamva kulira kuchokera kumudzi. Sanafunse kuti ndani. Mawu a mng'ono wako sungawasokoneze ndi a wina. Miracle anali atatisiya. A Lonia anamanga mtolo wa nkhuni, monga amachitira mayi aliyense pa maliro a pamudzi, n'kusenza. Asanafike pa nyumba zoyamba anakumana ndi amayi atatu atatseka njira.

"Bwererani, aNabanda," anatero wamkulu mwa iwo, amene kale ankaimba nawo limodzi kumvano. "Tikukupemphani. Anyamata akakuonani sitingathe kuwagwira."

"Ndi mwana wanga uja."

"Tikudziwa. Bwererani."

"Nkhunizi zokha landirani."

Palibe amene anatambasula dzanja. A Lonia anatula mtolowo m'mbali mwa njira n'kubwerera.

Tsiku loika maliro anakwera chulu chija, chifukwa pamwamba pake munthu amaona mudzi wonse ndi njira ya kumanda. Atangofika pamwamba, foni imene anaimanga kunsonga ya chitenje inalira. Anali Keziya.

"Amama! Ndakhala ndikukuyesani masiku onsewa. Mumakhala kuti?"

"Ntchito za kudimba, mwanangu. Uli bwanji?"

"Ndili bwino zedi. Amama, zatheka! Tayeza zonse. Aphunzitsi akuti pa gulu lonse la onazi palibe amene wabweretsa zinthu zosamalidwa bwino ngati zanga. Akuti ndikalankhule pamaso pa aphunzitsi onse, ndipo andilembera kale pa mndandanda wa opita patsogolo. Mukundimva?"

"Ndikukumva. Mulungu alemekezeke."

"Kumudzi kuli bwanji? Anthu anazizira monga ananenera amalume?"

"Anazizira."

"Atate ali pafupi? Ndiwauze ndekha."

"Apita kukaona mbuzi. Ndiwauza."

Kumunsi anthu anali atayamba kutuluka pakhomo pa Zangaphee, amuna patsogolo, amayi pambuyo. Nyimbo inakwera ndi mphepo mpaka pachulu. A Lonia anaphimba foni ndi chikhatho, koma anachedwa.

"Akuimba ndani, amama?"

"Ndi akwaya. Akukonzekera za Lamlungu."

"Oo. Amama, mvetserani, ichi ndiye chofunika. Nsawa za amayi aang'ono ndi zimene zapezeka ndi chuku chambiri kuposa zonse. Aphunzitsi mpaka anagwira pakamwa. Pitani lero lomwe mukawauze kuti Miracle asalawenso nsinjiro zimenezo, ndipo abwerere naye kuchipatala. Muwauze kuti si ine ndikunena, ndi makina. Mupita?"

A Lonia anayang'ana anthu aja akulowera kumanda.

"Ndipita."

"Disembala ndibwera. Lamulo la onazi ndi lakuti tikamaliza tibwerere kwa anthu amene anatipatsa zinthu, tikawafotokozere zimene tapeza. Amalume adzandiitanire mudzi wonse."

"Usafulumire kubwera, mwanangu. Yamba wamaliza mayeso. Werenga, usamaganize za kuno."

"Mawu anu akumveka mwina, amama. Mukudwala?"

"Ndi chimfine. Dula, mayunitsi angakuthere."

Foni itaduka, anaimangirira pa chitenje n'kuyang'ana kumunsi. Bokosi linali laling'ono, loti mwamuna mmodzi n'kulinyamula m'manja, ndipo ankangopatsirana. Kumbuyo kwake amayi awiri anagwirizira Zangaphee, amene miyendo yake inkakokeka m'fumbi. A Lonia anakhala pansi kuseri kwa chitsamba kuti asaoneke, n'kuluma nsonga ya chitenje. Mwana wa mng'ono wawo anam'lira chamumtima, chifukwa akanakweza mawu pachulu paja, anthu akanati mfiti ikuseka.